Mtunda wa ku Joni

Anthu odziwa kuyeza dziko amatiuza kuti kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350, ndi kuti ndege za masiku ano zimatha mtunda umenewu m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Ndipo popeza nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi, munthu amene wanyamuka ku Chileka dzuwa litangopendeka amatsika ku Joni dzuwa lomwelo lisanafiire, wotchi yake osaikhudza n'komwe. Mawu amenewa ndi oona, ndipo ine sindiwatsutsa. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti kuno ku Nancholi, kumene n'kovuta kupeza mdadada wa nyumba wopanda mwana, mlamu kapena mkamwini amene ali ku Joni, anthu amene anapitako pa ndege ndi owerengeka ndithu, ndipo ambiri mwa owerengekawo ndi nkhalamba zimene zidakwera ndege zisanavalepo nsapato.

Tiyambe tawapatsa ulemu wawo masamuwo, pakuti amene adawawerengera sadachite kulota. Makilomita 1,350 aja ndi a mzere wowongoka, wodutsa pamwamba pa mtsinje wa Zambezi kunsi kwa Tete, kulambalala pafupi ndi Mutare, ndi kuwoloka Limpopo chakum'mawa kwa Beitbridge. Ndege ya mtundu wa Boeing 737, ikakwera kufika makilomita 10 kapena 11 m'mwamba, kumene mpweya uli wopepuka ndipo mafuta sapita ambiri, imathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Mwana wa sukulu akagawa bwino adzapeza ola limodzi ndi mphindi 40, nadzadabwa kuti theka la ola linalo lalowa kuti. Lalowa m'zinthu zimene mapu saonetsa: kukwawa pansi kufuna poyambira liwiro, kukwera pang'onopang'ono, kutsata njira zimene oyang'anira mlengalenga adalemba (pakuti ngakhale kumwamba kuli njira zake ndi eni ake, ndipo woyendetsa ndege sangodulira pamene wafuna), kulimbana ndi mphepo ya kumadzulo imene imakula nyengo yachisanu, ndi kudikira mpata wotera pa bwalo limene ndege zimatera ndi kunyamuka kosalekeza. Palinso china chimene wapaulendo amachimva pakhungu akangotsika. Chileka sadafike mamita 800 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene bwalo la ku Johannesburg lili pa mamita pafupifupi 1,700, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Soche limene timaliona tikadzuka. Ndipo kuzizira kwa kumeneko, pamodzi ndi kuthithikana kwa m'makomboni, kudapha makolo athu ambiri ndi chibayo, kufikira mu 1913 boma la South Africa lidaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto kuno.

Koma ulendo suyambira pa khomo la ndege ayi. Mwini tikiti wa ku Nancholi ayenera kukwera msewu wa Chikwawa kudzera pa Stella Maris kulowa m'tauni, kupyola Nyambadwe ndi Chirimba, kukhota pa Kameza, ndi kukafika ku Chileka kudakali maola awiri ndege isananyamuke. Kotero maola awiri aja amaswana nakhala asanu kapena asanu ndi limodzi asanaone khomo la kumene akupita. Zimenezo sindidandaula nazo, pakuti wokwera ndege alibe chomvetsera chisoni. Ana athu ambiri amadzera pansi, ndipo pansi mtunda umaposa makilomita 1,700: kuchoka mu Blantyre kupita ku Mwanza ndi Zobue, kutsikira m'ng'anjo ya Tete, kuwoloka Zambezi, kutulukira pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kukaima pa Beitbridge, ndi kutsata msewu wa Musina ndi Polokwane mpaka Park Station. Malire ndi atatu, ndipo malire alionse ali ndi nyumba ziwiri, ya otulutsa ndi ya olandira, ndipo m'nyumba iliyonse muli mzere wake ndi chidindo chake. Zikayenda bwino ndi tsiku ndi theka. Zikakhota ndi masiku awiri kapena kuposa, ndipo ambiri mwa maola oonjezerawo amathera chilili, basi itazimitsa injini.

Ndimakonda kuima pa depoti ya Wenela m'mawa basi za ku Joni zikamakwezeka. Pali sikelo pansi, ndipo anyamata okweza katundu amaikapo zikwama za shangani zotupa ndi mpunga wa Kilombero, ufa woyera, nyemba, mtedza ndi usipa wokulungidwa m'manyuzipepala kuti fungo lisatuluke, ngakhale limatulukabe. Chikwama chilichonse chili ndi dzina ndi nambala ya foni zolembedwa ndi inki yakuda, chifukwa theka la katunduyo eni ake sakwera nawo, angotumiza kwa abale amene mtima wawo wafuna za kwawo. Tsiku lina ndidaona mayi wachikulire atagwira mkono wa mnyamata wa zaka ngati 20, wovala jekete yomukulira imene mwachionekere idali yobwereka. Mayiyo sadalire. Adamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje, natulutsa ndalama zopindidwa kangapo, naziika m'dzanja la mwanayo, nalifumbatitsa ndi manja ake onse awiri.

“Bambo, pasipotiyo muziyiika m'kati mwa malaya, osati m'thumba la buluku. Mukawoloka Beitbridge mundiimbire, ngakhale pakati pa usiku. Mwamva?”

“Ndamva, amayi.”

“Achimwene anu akakuchingamirani. Musakatsate munthu wina aliyense.”

Mnyamatayo adali ndi satifiketi ya Fomu 4 m'chikwama, monga ndidamva amake akuuza mnzawo basi itachoka. Pa malire akamdindira masiku 30, amene Mmalawi amaloledwa kukhala m'dzikomo monga mlendo. Ndipo aliyense pa depotipo adadziwa, amakenso adadziwa, kuti pa tsiku la 31 iye adzakhala akadali komweko, akuyang'ana uku ndi uku poyenda mumsewu.

Makolo athu oyamba kupita kumeneko adayenda pansi, ndipo mtunda ankauyeza ndi miyezi. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, adachoka kwawo mu 1915, nagwira ntchito m'dziko la Apwitikizi ndi ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918, kumene chaka chotsatira adayambitsa bungwe la antchito la ICU limene lidagwedeza dziko lonselo. Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu cha m'nyengo yomweyo, wapansinso, naima ku Hartley kumene adatumikira m'chipatala, napitirira ku migodi ya malasha ya Dundee, nafika pa mgodi wa golide ku Boksburg. Ndipo pamene adabwera kudzakhazikika kwawo, pa 6 July 1958, adatsika ndege pa Chileka pomwepa, patapita zaka zoposa 40. Awiriwa tikuwadziwa chifukwa adatchuka. Ena zikwizikwi, amene ankapita selefu, opanda wowalemba, adawoloka Zambezi pa bwato, adagona m'mitengo kuopa mikango, adaima pa mafamu a fodya kugwira ntchito miyezi ingapo kuti apeze chakudya cha mtunda wotsala, ndipo ena adathera panjira popanda wowalira.

Mwa amene adafika, ambiri sadabwerere, adakhala matchona. Kale ndinkaganiza kuti chidawatsekereza ndi kutalika kwa njira, koma anthu amene adatha kuiyenda popita akadathanso kuiyenda pobwera. Buku Lopatulika limatiuza kuti kuchokera ku Horebu kukafika ku Kadesi, pakhomo pa dziko la malonjezano, udali ulendo wa masiku 11 okha, koma ana a Israyeli adatha zaka 40 m'chipululu, ndipo chidawachedwetsa sichidali mchenga. Mtchona adachedwa ndi manyazi obwera chimanjamanja, ndi ngongole, ndi mkazi wina ndi ana ena amene sakadawasiya, ndi chaka chamawa chimene nthawi zonse chinkaoneka kuti chidzakhala chabwino kuposa chino. Akulu adati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Koma wodya nthangayo amakhalabe pomwepo, akuyembekeza kuti dzungu lipsa posachedwa.

Tsono taonani chodabwitsa. M'zaka za m'ma 1950, chiletso chija chitachotsedwa, bungwe lolemba anthu a m'migodi la Wenela lidayamba kunyamula anthu pa ndege zakezake, za mtundu wa Dakota ndi Skymaster, zimene likulu lake lidali ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene lero ndi Botswana. Kuchokera ku Chileka kukafika ku Francistown pali makilomita pafupifupi 1,000, ndipo ndege za mapiko opalasa ndi zopukusa zija zinkatha mtundawo m'maola ngati atatu. Kuchokera pamenepo anthu ankakwera sitima ya pamtunda kupyola Mafeking mpaka Johannesburg. Amalume anga adapita motero. Ankatisimbira usiku pakhonde, akukhosomola pakati pa mawu, mmene adawavulira malaya pa depoti, nawayeza pa sikelo, dokotala nawamvetsera pachifuwa, nawadinditsa chala; mmene m'mawa mwake adawandandalika pa bwalo, aliyense ndi bulangete lake, ena mapazi ali pansi; mmene injini zitabangula munthu wina wa ku Mulanje adayamba kuitana amake mokweza, anzake osamseka chifukwa aliyense ankaitana ake chamumtima; mmene makutu adatsekera, ndi mmene ambiri adasanzira m'timatumba ta pepala. Amalumewo sadaphunzire kulemba dzina lawo kufikira imfa yawo, koma adaona Zambezi ali pamwamba pa mitambo nthawi imene aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki a m'boma ankayenda pa njinga. Pobwera adadza ndi bokosi lachitsulo lopakidwa maluwa, wotchi ya pamkono, wailesi, chipewa chamlaza waukulu, ndi chifuwa chija.

Kodi tinene kuti eni migodi adachita chifundo? Ine sinditero. Adawerengera, napeza kuti munthu woyenda milungu pa lole ndi pa sitima amadya chakudya chawo asanakumbe kanthu, amafika atafooka, ndipo nthawi zina amatsika panjira nakalowa ntchito pa famu ya munthu wina. Pamene woikidwa mu ndege sathawa, ndipo patangopita masiku ochepa ali pansi pa nthaka. Ulendo wa maola atatu unkatumikira kontirakiti ya chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo m'nthawi yonseyo mwini thupi sakadaufupikitsa mtundawo ngakhale atamva kuti mwana wake wamwalira. Changu chonsecho chidali cha mgodi. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya South Africa, ndipo boma lathu linkapindula ndi gawo la malipiro awo limene linkasungidwa kuti adzalandirire kuno. Apa ndipo pagona nkhani yanga: mtunda wa pakati pa malo awiri umafupikira munthu molingana ndi mmene akumfunira amene ali ndi ndalama kutsidyako. Agogo adauluka chifukwa mikono yawo idali ndi woigula. Mdzukulu wophunzira akwera basi masiku awiri ndi ndalama ya pa nsonga ya chitenje cha amake, chifukwa palibe amene wamuitana.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa Skymaster idanyamuka ku Francistown kulinga ku Blantyre, itadzaza ndi anthu amene adatsiriza kontirakiti zawo. Injini zidayamba kutentha itangodzuka, chifukwa mafuta ake adasakanikirana ndi mafuta a ndege za mtundu wina, ndipo idagwa isanathe kubwerera pa bwalo, nipsa. Mwa anthu 84 amene adali m'menemo adafa 78, ndipo pafupifupi onse adali Amalawi amene kudatsala maola atatu kuti aone kwawo. Kamuzu adaletsa pomwepo kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri adabwezedwa kumudzi. Kulembako kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma anthu ake adali ochepa, ndipo kudatheratu mu 1988 pamene maboma awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza magazi a antchito kufuna kachilombo ka Edzi. Dzina la Wenela lokha ndilo lidatsala pa depoti paja.

M'chaka chomwecho cha 1974 kampani ya Air Malawi idayamba kuulutsa ndege yake yaikulu ya VC10 kuchokera ku Chileka kupita ku London, mtunda woposa makilomita 8,000, ndipo idatero kufikira mu 1979. Anthu a m'Blantyre ankapita ku bwalo Lamulungu masana kukangoonerera ndege, atavala za kutchalitchi. Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa ku Lumbadzi mu 1983, ulemerero wambiri udasamukira kumeneko. Lero wopita ku London amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg komweko, ndipo akadzera ku Addis amakhala m'mwamba maola ngati 12, kuonjezapo odikira pakati; komabe namwino wa ku chipatala cha Queen Elizabeth amene chipatala cha ku Manchester chamuitana akhoza kutsika ku London mnansi wake amene adanyamuka pa basi m'mawa womwewo asanafike ku Polokwane. Ndipo pamene alimi a ku Israel adasowa antchito nkhondo itabuka, mu November 2023 achinyamata 221 a dziko lino adakwezedwa ndege ku Lilongwe kupita ku minda ya kumeneko, mtunda woposa katatu wa ku Joni, m'maola osakwana tsiku. Ena adadabwa nazo ngati zachilendo. Nkhalamba za Wenela sizidadabwe.

Pali nthawi imene ife otsala timaumva mtunda wa ku Joni m'mafupa, ndiyo nthawi ya maliro. Uthenga umafika pa foni m'kamphindi, ndipo kulira kumayamba usiku womwewo. Koma thupi lili kutali. Abale a kumeneko ayambe asonkha ndalama, ayende m'maofesi kufuna zikalata za imfa ndi chilolezo chotulutsira mtembo, apeze transipota amene ali ndi malo m'ngolo yake. Pakuti ndege ilipo, ndipo imanyamula mabokosi, koma mtengo wake ndi wa anthu ena. Kuno pa siwa amayi amagona pa mphasa sabata yathunthu, nthawi zina ziwiri, nkhuni zikutha, ufa ukutha, a kwaya akusinthana usiku ndi usiku, amuna ali panja pa moto akufunsana kuti, “Afika pati tsopano?” Wina ayankha kuti adutsa Masvingo, mawa lake akuti agona pa Nyamapanda, chikalata china chasowa chidindo. Adzukulu sangayambe kukumba osadziwa tsiku. Ndipo palibe amene amanena kuti amuike komweko, ngakhale zikadapepuka kwa onse, pakuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Yosefe yemwe, amene adali nduna yaikulu ku Ejipito, adalumbiritsa abale ake kuti mafupa ake asatsale m'dziko la eni.

Amoyo nawonso amabwezedwa. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene eni dziko ena adaukira alendo, boma lathu lidatumiza basi kukatenga anthu ake, ndipo adafika mu Blantyre ena ndi zovala za m'thupi zokha. Ogwidwa opanda zikalata amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, milungu kapena miyezi, kudikira tsiku lowabweza. Ndipo nthawi zina amabwezedwa pa ndege. Kotero alipo anyamata m'dziko muno amene adalawako maola awiri aja kamodzi kokha m'moyo wawo, pa tsiku limene dziko la eni lidafuna kuti achoke msanga.

Anzawo a amalume amene akadali moyo ndi ochepa tsopano, ndipo nkhani yawo ndi imodzi, ya ndalama zimene adasiya ku migodi ndi chipepeso cha mapapo amene fumbi la miyala lidawononga. Mu July 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wakuti makampani a golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, ndi kwa amasiye awo, ndipo mbiri imeneyi idafika m'midzi yathu ndi chimwemwe chachikulu. Koma kuti munthu alandire ayenera kuonetsa kuti adagwira pa mgodi uti, zaka ziti, nambala yake idali yotani, ndiponso ayesedwe m'chifuwa. Ndipo nkhalamba imene idadinda chala zaka 50 zapitazo, imene dzina lake kalaliki wa pa mgodi adalilemba monga adalimvera, siipeza msanga mboni zotere. Ndimakumana nawo m'tauni atavala majekete akale, makadi awo ofiirira ali m'kathumba ka pulasitiki ka shuga, akuchokera kolembetsa maina kumene adalembetsanso zaka zapitazo. Mmodzi wa iwo, amene timapemphera naye, adandiuza kuti mdzukulu wake wa ku Randburg akamtumizira ya sopo, foni imalira asanamalize n'kulankhulana komwe, ndipo amakatapa pa kauntala ya pa msika tsiku lomwelo; koma zake za iye mwini, zimene adazikumba ndi manja ake, zidanyamuka ku Joni mu 1988 ndipo mpaka lero akuti zili m'njira.